Yosefe Mkamwini: Banja ndi Makolo m'Zosema za ku Mua

Munthu wotsika phiri kuchokera ku Dedza, kudzera mseu wokhotakhota wa ku Golomoti, akafika pa Mua amapeza mishoni imene ansembe a chipani cha White Fathers adaitsekula m'chaka cha 1902. Pamalo pomwepo, m'chaka cha 1976, Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adafika m'Malaŵi mu 1967 nalandira mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zaluso otchedwa KuNgoni. Zimene zidatuluka m'manja mwa osema a kumeneko zidayenda kutali. Zina zili ku Vatican, ndipo kachalitchi ka bungwe la Missio mu mzinda wa Munich kadakongoletsedwa ndi amisiri a ku Mua kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. M'chaka cha 2000 Martin Ott adatulutsa buku lalikulu ku Kachere, ku Zomba, losonyeza kuti zosemazi ndi maphunziro a zaumulungu olembedwa pa mtengo. Mayamiko alipo okwanira, ndipo ngoyenera. Ine funso langa ndi lina: banja limene tikuliona m'zosemazi ndi banja la yani?

Funsoli silachabe kwa ife ansembe. Kuyambira pa Sinodi ya Afrika ya 1994, ndi kalata ya Papa Yohane Paulo II yotchedwa Ecclesia in Africa ya 1995, takhala tikulalika kuti Eklezia ndi Banja la Mulungu. Mauŵa ngokoma, ndipo amaloŵa msanga m'khutu. Koma mkristu wa kwa Kaphuka akamva liu loti banja amaganiza za mwamuna, mkazi ndi ana m'nyumba imodzi, ndipo amadziŵa bwino lomwe kuti nyumba imeneyo siyimene imamusunga munthu kufikira kumanda. Ukwati umatha. Chimene sichitha ndi mbumba: amai, alongo, ana a alongo, ndi mtsibweni amene amayang'anira onseŵa. Mwana akadwala kwambiri, akapalamula mlandu, akafuna kukwatira, akamwalira, mau otsiriza amachokera ku bele la amai ake. Ngati tifuna kudziŵa kuti Uthenga Wabwino wazika mizu motani m'dziko la Acheŵa, tiyenera kuona ngati mbumba imeneyi yapeza malo pafupi ndi guwa, kapena yatsala panja.

Za ufulu wa amisiri sitichulukitsa mau. Msonkhano wa ku Nicaea wa m'chaka cha 787 udatsimikiza kuti zifanizo nzololedwa, pakuti Mwana wa Mulungu adakhala munthu wooneka ndi maso. Msonkhano wa Vatican II, m'chikalata cha za Liturjiya cha 1963, udanena poyera kuti Eklezia alibe luso la mtundu umodzi limene angalitche lakelake, ndipo kuti luso la fuko lililonse lili ndi malo m'nyumba ya Mulungu. Ena adayesa kale njirayi. Ku Oye-Ekiti m'dziko la Nigeria, Bambo Kevin Carroll adagwira ntchito ndi osema Achiyoruba kuyambira 1947, koma malowo adatsekedwa mu 1954. Ku Serima m'dziko la Zimbabwe, Bambo John Groeber adaphunzitsa anyamata amene adasema tchalitchi chonse. KuNgoni kudapirira kuposa Oye-Ekiti, ndipo kudaloŵa mozama m'miyambo kuposa Serima. Chifukwa chake tingathe kukufunsa zambiri.

Mtengo wa kachere

Mwa zonse za ku Mua, chosema chimene chimandikhutiritsa koposa ndi mtengo wa kachere wa Thomas Mpira. Thunthu lake lapangidwa ndi anthu: nkhope, mapeŵa, manja, wina pamwamba pa mnzake, onse olumikizana, ndipo pamwamba pao patuluka Kristu wouka kwa akufa. Anthuwo ndiwo thupi lake. Mmisiri sadaike makolo pambali pa Ambuye ngati alendo oitanidwa, kapena pansi pa mapazi ao ngati ogonjetsedwa. Adaŵasema kuchokera ku chipika chimodzi chomwecho, kotero kuti sungachotse mmodzi popanda kuboola thupi la Kristu. Phunziro la Paulo Woyera la thupi limodzi ndi ziŵalo zambiri, ndi chiphunzitso cha chiyanjano cha anthu oyera, zonse zili pamenepo popanda liu limodzi.

Maonekedwe ake ali pa ubale ndi zosema za Amakonde a ku Mozambique ndi Tanzania, zija zotchedwa ujamaa, m'mene anthu amakwerana mozungulira chipika. Amakonde naonso amatsata bele la amai, ndipo kaŵirikaŵiri pamwamba pa mitengo yao pamakhala mai wa fuko. Mpira adaikapo Kristu. Kusinthaku kuli ndi phindu, komanso kuli ndi mtengo wake, ndipo tibwererako.

Kusankha kachere ndi nzeru yakuya. Ndi mtengo wa pabwalo, pomwe akulu amaweruza milandu, ndiponso m'malo ambiri ndi mtengo wa nsembe za kwa mizimu. Utomoni wake ngwoyera ngati mkaka wa m'maŵere. Koma aliyense amene adaŵetako mbuzi amadziŵanso khalidwe lina la kachere. Mbalame imasiya njere pa mphanda ya mtengo wina, njereyo imamera m'mwamba momwemo, imatsitsa mizu, ndipo pakapita zaka imaufungatira mtengo uja mpaka kuupha. Mkati mwa kachere wamkulu nthaŵi zina mumakhala mphako, pomwe padali mwini malo. Tsono tikamati chikristu ndi mwambo wa makolo zakhala mtengo umodzi, ndibwino kufunsa kuti mwa ziŵirizi kachere ndani, ndipo wofungatiridwayo ndani. Pali ansembe amene amaopa kuti mwambo udzameza Uthenga. Pali akulu a m'midzi amene amaona kuti Eklezia akufungatira gule ndi chinamwali kuti azitsamwitse mwaulemu. Onse aŵiri ali ndi maso. Chosemachi sichiyankha nkhaniyi, ndipo ine ndikuti chidachita bwino kusaiyankha.

Pali chinthu china chimene chosemachi chikuchita mwakachetechete. Charles Nyamiti wa ku Tanzania, m'buku lake la 1984, ndi Bénézet Bujo wa ku Congo, adatiphunzitsa kumutchula Kristu kuti Kholo. Vuto nlakuti pa muyeso wa kumudzi Yezu sakwanira kukhala kholo. Adafa ali wamng'ono, osakwatira, wopanda mwana, imfa yake yamanyazi, ndipo adaikidwa m'manda obwereka. Munthu wotere kumudzi dzina lake silipatsidwa kwa mdzukulu. Tikamutcha Kholo, ndiye kuti liu loti kholo latambasuka, ndipo chumba, gojo, mwana wofa asanamere mano ndi mlendo wofera m'njira, onse apeza malo m'thunthu. Ifenso amene timatchedwa Abambo popanda kubereka tili momwemo, ndipo sibwino kuiŵala kuti anthu amatipatsa dzinali mongotikomera mtima.

Banja Loyera

Tikachoka pa kachere nkufika pa zosema za Banja Loyera ndi makola a Khirisimasi, amene amagulidwa kwambiri, mtima wanga umatsika pang'ono. Ntchito ya manja njabwino. Maria wavala chitenje, mwana ali kumbuyo kapena ali pa bele, nkhope nzathu, tsitsi nlathu. Yosefe wanyamula nkhwangwa pa pheŵa. Abusa abwera ndi nkhuku ndi dengu la chimanga. Zonsezi zimakondweretsa. Koma tiŵerenge anthu: bambo, mai, mwana. Atatu basi, paokha, monga momwe adaliri pa zithunzi zimene amishonale adabwera nazo. Chasintha ndi khungu ndi chovala, koma kamangidwe ka banjalo nkomwe kaja. Kodi ndi mwana uti wa Mcheŵa amene adabadwa popanda agogo ake aakazi m'chikuta? Ndi mai uti wachisamba amene adasiyidwa yekha ndi mwamuna wake pa tsiku lotere, tsiku limene mwamunayo saloledwa nkomwe kuyandikira?

Wina adzati Uthenga wa Luka ndiwo ukutero, ndipo mmisiri sangaonjezere anthu amene Malembo sadaŵatchule. Nzoona pa za usiku wa ku Betelehemu. Koma Banja Loyera la anthu atatu, monga chifanizo chopembedzerapo, silidabwere ndi Atumwi. Kudzipereka kwa Banja Loyera kudakula m'zaka za m'ma 1600, makamaka ku Quebec pansi pa Episkopi François de Laval. Papa Leo XIII adakhazikitsa chikondwerero chake mu 1893, ndipo Papa Benedikito XV adachifalitsa ku Eklezia yense mu 1921, mishoni ya Mua ili kale ndi zaka 19. Kale lisanafike zimenezi, akristu a ku Ulaya ankajambula zina. Ankajambula Anna Woyera, Maria ndi Yezu, ndiye kuti gogo, mai ndi mwana, monga pa chithunzi chotchuka cha Leonardo da Vinci chimene chili ku Paris. Ku Germany, m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, ankajambula fuko lonse la Anna: ana ake aakazi, adzukulu akuseŵera pansi, amuna ataima kumbuyo kwa mpanda ngati akamwini. Zithunzi zimenezi zidazilala pambuyo pa Msonkhano wa ku Trent, chifukwa zidatsamira pa nthano yosatsimikizika yakuti Anna adakwatiwa katatu. Nthanoyo idayenera kutayidwa. Koma pamodzi ndi nthanoyo padatayikanso chithunzi cha Yezu monga mwana wa mbumba, ndipo ife tidalandira chotsalacho nkumayesa kuti ndicho chokha cha Chikatolika.

Chodabwitsa nchakuti khutu la Mcheŵa limamva zinthu m'Mauthenga zimene Azungu adavutika nazo. Marko akunena za abale ndi alongo a Yezu amene akuyenda ndi amai ake. Jerome Woyera adalemba zambiri pofuna kusonyeza kuti ameneŵa sadali ana a Maria. Ife sitisoŵa Jerome, pakuti kwathu ana a amai aakulu ndi a amai aang'ono ndi abale, saali asuŵeni, ndipo palibe amafunsa kuti adatuluka m'mimba iti. Yohane akuika mbale wake wa Maria pansi pa mtanda. Luka akumutumiza Maria, atangoima, kwa Elizabeti, mai wamkulu wa pa chibale, kukakhala miyezi itatu, monga momwe namwali wa pathupi poyamba amalandirira mwambo kwa akuluakulu. Mbumba ilimo m'Malembo. Ndipo chiphunzitso chakuti Yezu adabadwa mwa Namwali, chimene chimavuta mitundu yoŵerenga magazi a bambo, kwa ife chikunena chinthu chomveka: thupi lake lonse nla ku bele la Maria. Ndi mwana wa kuchikazi kotheratu.

Nanga Yosefe? Tisanamizire Malembo. Ayuda ankaŵerenga mibadwo kudzera kwa abambo monga Angoni, ndipo Mateyo akuti Yosefe adamtenga Maria kupita naye kwao, chimene ife tingachitche chitengwa. Pa malo okhala, Yosefe sadali mkamwini. Koma tiyang'ane malo ake pamaso pa mwanayo. Akumupatsa dzina ndi mfunda wa Davide, monga bambo Wachicheŵa amapatsira mwana mfunda wa Phiri kapena Banda, koma mwanayo si wa fuko lake. Akumulimira, akumuthaŵitsa usiku, akumuphunzitsa ntchito ya manja, koma alibe mau otsiriza pa iye. Mwanayo atafika zaka 12 akumukumbutsa m'Nyumba ya Mulungu kuti kwao nkwina. M'Mauthenga onse anai Yosefe sakulankhula ngakhale liu limodzi, ndipo akuzimirira popanda wolemba za maliro ake. Mwamuna aliyense wokhala pa chikamwini kwa Chilikumwendo akudziŵa moyo umenewu kuchokera mkati. Akudziŵa kumanga nyumba pa dothi la eni, kudzala mango amene sadzadya, kuyerekezedwa ndi tambala wobwereka.

Apa ndipo pamene zosema zathu zidataya mwai. Yosefe wa m'makola athu waima chilili pambali, nkhalamba yofatsa, wosasokoneza aliyense. Alibe kulemera. Koma vuto lalikulu la ubusa m'maparishi a Acheŵa, kuyambira masiku a amishonale oyamba mpaka lero, ndi bambo amene saona chifukwa chovutikira ana amene mwambo ukuti si ake. Amishonale adafuna kuthetsa vutoli pomukweza bambo kukhala mutu wa nyumba nkumutsitsa mtsibweni, ndipo m'malo ambiri chotsatira chake mwana adatsala pakati, bambo akuloza kwa mtsibweni, mtsibweni akuloza kwa bambo, fizi ya sukulu osalipidwa. Yosefe akusonyeza njira ina: kulera kotheratu popanda kukhala mwini. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mmisiri amene angaseme Yosefe atabereka mwana kumbuyo, kapena atagwira dzanja la mnyamata pa kasemasema, nkhope yake ikusonyeza kuti akudziŵa kuti mwanayu adzachoka, angalalike kwa akamwini koposa maulaliki athu khumi.

Tibwerere ku kachere uja. Ndidati kuika Kristu pamalo pa mai wa fuko kuli ndi mtengo wake. Mtengo wake ngwakuti mutu wa mbumba wasanduka mwamuna, ndipo wina angaone ngati tsinde lachikazi lachotsedwa. Koma chinenero chathu chidapeza kale yankho limene tchizulo sichinalipeze. Omasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu mu 1922, posoŵa liu la Kristu woimira anthu kwa Atate, ndiponso la Mzimu Woyera wolonjezedwa uja, adasankha liu loti Nkhoswe. Nkhoswe si bambo. Ndi mlongo wa amai, wa bele lomwelo, amene amaimira mbumba pa mlandu, amamanga maukwati, amalipira zolakwa za ana a mlongo wake. Kristu Nkhoswe ndi mwamuna amene ulamuliro wake uchokera m'mimba imodzi ndi anthu amene akuŵaimira. Zaka zoposa 100 takhala tikuŵerenga ndi kuimba liuli, koma maso athu akadamuonabe monga mfumu ya chisoti kapena m'busa wa nkhosa, m'dziko limene nkhosa nzoŵerengeka.

Zigoba za ku Chamare

Pa Mua palinso nyumba ya Chamare, yotchedwa dzina limene anthu adapatsa Bambo Champmartin, mmodzi wa amishonale akale a pamalopo. M'menemo muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Amene akudziŵa mbiri ya Mua amaima kaye pakhomo. Pano mpamene, m'zaka za m'ma 1920, mishoni ndi nyau zidalimbana koopsa polanda ana, uku sukulu uku dambwe, monga Ian Linden adafotokozera m'buku lake la 1974. Mkristu woloŵa gule ankatsekeredwa masakramenti. Lero zilombo zomwezo zasungidwa pa bwalo la mishoni, ndipo UNESCO idalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005. Za ku dambwe sindizikhudza pano, pakuti zili ndi eni ake. Ndingonena zimene aliyense amaona pabwalo.

Choyamba nchakuti pa nkhani ya banja, gule ndiye mmisiri wamakono kuposa ife. Chadzunda ndi mkazi wake Maliya amaphunzitsa za ukwati anthu akuseka. Simoni, wofiira nkhope ngati Mzungu wopsa ndi dzuŵa, akusonyeza kuti nyau zidayamba kale kuloŵetsa chikristu m'mwambo wao, ife tisanaganize zoloŵetsa mwambo m'chikristu, ngakhale zidatero monyoza. Ndipo gule sadaime pamenepo. Kudabwera galimoto, gule adaivina. Kudabwera machona a ku Joni, ndale, matenda a Edzi, zonse zidapeza nkhope ndi nyimbo. Gule amadzudzula mkamwini waulesi, mtsibweni wodya chuma cha ana amasiye, mkazi wamiseche. Banja la m'gule limakangana, limadwala, limasiyana. Banja la m'zosema zathu zopatulika nlodekha, lokhuta, la m'mudzi wa dzana umene mulibe malata kapena foni. Kodi alikuti gogo amene akulera adzukulu asanu chifukwa ana ake onse ali kumanda? Alikuti mai amene mwamuna wake adapita ku Johannesburg nasiya kutumiza mau? Ulendo wa ku Ejipito ndi nkhani ya anthu othaŵa kwao, ndipo boma la Dedza lidalandira anthu ambirimbiri othaŵa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980. Zimenezi ndi mizu yathunso, osati mtondo ndi munsi zokha.

Chachiŵiri chimandivuta. Kasiyamaliro, chilombo chachikulu chija cholukidwa ndi makoko a chimanga, chimene akatswiri amati chimaimira mimba ya mai wa fuko, sichidapangidwe kuti chikhalitse. Chimabwera usiku, chimaperekeza womwalira, ndipo mwambo ukatha chimatenthedwa. Chigoba nachonso moyo wake uli m'ng'oma, m'fumbi, m'nyimbo za amai oyankha. Chikapachikidwa pa khoma ndi kapepala kofotokoza tanthauzo, chimakhala chapulumuka ku chiswe koma chaleka kuopsa. Sindikunena kuti kusunga nkulakwa. Popanda ntchito ya zaka zambiri ya Bambo Boucher, imene mbali yake idatuluka m'buku mu 2012, nyimbo ndi matanthauzo ambiri zikadapita ndi nkhalamba. Ndikungochenjeza abale a m'seminale amene amapita ku Mua tsiku limodzi nkubwerako akuyesa kuti adziŵa gule. Mlendo woona kaliki ndi mkanjo wa Misa m'kabati ya galasi sanaone Misa.

Chachitatu ndi zipinda. Nyumbayi idagaŵa Acheŵa kwina, Angoni ndi Ayao kwina, ndipo pophunzitsa palibe njira ina yapafupi. Koma banja lenileni la ku Dedza siligaŵika motero. Kwa Kachindamoto ku Mtakataka ndi kwa Kamenyagwaza ku Bembeke kuli Angoni amene agogo ao aakazi adali Acheŵa, amene amavina ngoma nalankhula Chicheŵa. Kwa Tambala kuli Ayao okwatirana ndi anansi ao, nyumba imodzi Msilamu ndi Mkatolika. Mnyamata wa bambo Mcheŵa ndi mai Mngoni angapezeke wopanda kwao kwenikweni, pakuti kuchimuna akuti ngwa kwa amai ake, kuchikazi akuti ngwa kwa bambo wake, ndipo nkhaniyi imaphulika pa tsiku logaŵa munda kapena posankha manda. Wansembe aliyense wa dayosizi ino adakhalapo pa mlandu wotere. Luso limene likufuna kunena kuti ndife yani liyenera kuloŵa m'ming'alu imeneyi. Kujambula mtundu uliwonse uli woyera paokha, ndi zovala zake za pa chikondwerero, nkosavuta, ndipo andale amakukonda.

Manja a yani

M'mapiri a kumpoto chakumadzulo kwa Dedza muli mapanga a Chongoni, malo 127 a zojambula za pa miyala, amene adaloŵa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zofiira nza Akafula, anthu akale osaka nyama. Zoyera nza Acheŵa, zopakidwa ndi chala, ndipo ofufuza adasonyeza kuti zambiri mwa izo zikukhudza chinamwali, pamene zina, monga za ku Namzeze, zikukhudza nyau. Ndiye kuti m'mapiri ano, kalekale mishoni isanabwere, akazi ankaphunzitsa za ukwati, za kubereka ndi za ulemu pogwiritsa ntchito zithunzi, ndipo anamkungwi adapitiriza ndi tizifanizo tadothi. Koma kusema mtengo kwathu kuno ndi ntchito ya amuna, kuumba ndiyo ya akazi. Eklezia atasankha mtengo kukhala chida chachikulu cha luso lake lopatulika, adasankhanso, mosadziŵa, amene adzafotokoze banja. M'dziko limene mudzi ngwa akazi, nkhani ya mbumba ikusimbidwa ndi akamwini. Mwina nchifukwa chake Maria wa m'zosema zathu amakhala wokongola, wofatsa, wamng'ono nthaŵi zonse, ndipo saoneka ngati mai wamkulu wa mudzi amene mau ake amaletsa maliro kunyamuka. Anthu amene adadziŵa Makeŵana wa ku Msinja, mai wa ana onse amene ankapempha mvula m'malo mwa dziko, angathe kulandira Maria wolemera kuposa ameneyu.

Tisaŵasenzetse amisiri katundu yense. Wosema amasema chimene chigulidwa, ndipo ali ndi ana ofuna kudya. Mlendo wa ku Ulaya amafuna khola la Khirisimasi lokwana m'sutikesi, lokhala ndi anthu amene akuŵazindikira, ndipo akaligula kakhumi mmisiri amalisema kakhumi, dzanja nkuzoloŵera, diso nkugona. Mitengo nayo ikutha: phingo ndi mlombwa zimatenga zaka zambiri kuti zikule, ndipo chipika chachikulu choyenera chosema cha m'tchalitchi chikunka chisoŵa. Ntchito zozama zimabadwa pamene wina waitanitsa, wakhala pansi ndi mmisiri, waŵerenga naye Malembo, walipira mtengo woyenera, nadikira. Ku Munich adatero. Ife kaŵirikaŵiri, parishi ikapeza ndalama, timaitanitsa chifanizo cha pulasitala cha maso obiriŵira, ndipo tikafunsidwa timati akristu ndiwo amafuna chotero.

Pamenepa pali choonadi china chimene sitiyenera kuchibisa. Akristu ambiri amagwada mosavuta pamaso pa Maria wa ku Lourdes kusiyana ndi Maria wa mlombwa. Ena amati chosemacho ndi chidole cha alendo, ena amachiopa chifukwa kwa zaka zambiri tidaŵaphunzitsa tokha kuti nkhope yosemedwa pa mtengo nja ku dambwe. Dayosizi imene idapereka wansembe woyamba Wachimalaŵi mu 1937, Cornelius Chitsulo wa ku Mua komweko, amene adadzakhalanso Episkopi woyamba Wachimalaŵi, idazoloŵera msanga nkhope yakuda pa guwa, koma ikuchedwa kuizoloŵera pa khoma. Mantha ameneŵa satha ndi kukalipira anthu pa ulaliki. Amatha pamene chosemacho chanena chinthu chimene pulasitala sangathe kunena, mai wina nkudziona yekha m'menemo.

Nchifukwa chake ndikupempha parishi imodzi, kaya Bembeke, kaya Mtendere, kaya Mua yomwe, kuti iyese. Aitane wosema, akhale pansi ndi anamkungwi achikristu ndi atsogoleri a miphakati, amai alankhule poyamba. Chipika chikhale chimodzi. Pakhale Anna, nkhalamba ya manja okhakhala itakhala pa mphasa, Maria atatsamira pa maondo ake, mwana ali pakati pao, ndipo Yosefe ali chapambali pang'ono, pomwe mkamwini amakhala, koma dzanja lake likufika pa phazi la mwanayo. Anna sali m'Malembo, dzina lake tidalilandira ku buku lakale lotchedwa Uthenga Woyamba wa Yakobe, koma Eklezia amamlemekeza pamodzi ndi Yoakimu pa 26 Julaye. Nthaŵi imeneyo chimanga chili m'nkhokwe, anthu ali ndi mpata, ndipo wosema akayamba ntchito mvula ikangotha, chipikacho chikhala chitauma.